Setifiketi Yanga Kuseri kwa Chithunzi cha Mtsogoleri

Alendo akabwera kwathu amandiyamikira kuti ndine munthu wonyadira ntchito yanga, chifukwa setifiketi yanga ya uphunzitsi ili pakhoma pabalaza, m'felemu yagalasi. Ine ndimangoti zikomo. Ena amafuna kuitsitsa kuti aione bwino, ndiye pamenepo ndimadzuka msangamsanga nkuwafunsa ngati amwa tiyi. Nkhani ya felemu imeneyo ndaibisa nthawi yaitali, mpaka mayi a kunyumba anandiopseza kuti ndikapanda kuinena ndekha adzainena iwo pamaliro anga. Bola ndiinene ndekha ndikadali ndi mpweya wodzitetezera.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Nditamaliza kukoleji ya aphunzitsi, boma linanditumiza ku Mzuzu, ndipo ndinapeza kanyumba ka lendi ku Chibanja. Amene anakhalako ku Mzuzu akudziwa chinyontho chake: malaya ukawaika m'sutikesi ali oyera umakawapeza atachita nkhungu. Mnzanga wina chiswe chinamudyera mapepala ake onse a sukulu, wina akuba anamunyamulira sutikesi yonse. Ndiye ine, pokhala wanzeru kuposa onsewo (ndinkadziona choncho), ndinakhala pansi nkudzifunsa kuti m'nyumba muno ndi chinthu chiti chimene wakuba, mwana, ngakhale mwini nyumba sangayerekeze kuchikhudza.

Yankho linali pakhoma. Masiku amenewo chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko chinkapachikidwa m'ofesi iliyonse, m'sitolo iliyonse, ndi m'nyumba ya wantchito wa boma aliyense wofuna kugona tulo tabwino. Chinkakhala pamwamba pa zonse, ndipo ngakhale pochipukuta fumbi munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku. Ndinatsegula kuseri kwa felemu, nkugoneka setifiketi yanga ya T3 pamsana pa chithunzicho, nkubwezera kabolodi kake, kenako nkukhomerera ndi timisomali ta nsapato kuzungulira konse. Sindinauze munthu. Nditakwatira sindinawauzenso mayi a kunyumba, ndipo zaka zitapita ndinaiwala ndi ine ndemwe.

Kenako kunabwera mphepo ya matipate. Ku Mzuzu inaomba mwamphamvu, ndipo ife ochokera m'chigawo chapakati tinayamba kuyang'anidwa ndi diso lina. Ndikalowa m'chipinda cha aphunzitsi nkhani inkaduka. A Ngwira, mphunzitsi wa Sitandade 8, munthu wa pakamwa pakuthwa, ankangoti, "Tiyeni tikambe za mpira, afika a ku Dowa." Zinkandiwawa, ndisaname. Ndiye pofuna kuonetsa kuti si ine kazitape, ndinasanduka wa matipate kuposa eni ake. Zala ziwiri, chizindikiro cha matipate, ndinkakweza ngakhale poitanitsa choko. Voti ya nyali ndi tambala itadutsa, nyali ya matipate nkupambana, ndinaimirira pakati pa anzanga nkulengeza kuti chithunzi chija ndachitsitsa ndipo ndachiphwanya ndi manja angawa. Anandiombera m'manja. A Ngwira anandigawira nthochi.

Zoona zake ndi zakuti sindinaphwanye kanthu. Mantha ndinali nawo ambiri, poti voti inadutsa inde, koma boma linali lomwe lija. Ndinachikulunga m'chitenje nkupita nacho kwa Che Bwanali, bambo a ku Mangochi amene anali ndi golosale pafupi ndi kwathu. Chithunzi cha m'sitolo mwawo chinali chitaonongeka ndi denga lodontha, ndipo iwo ankafunabe china kuopa oyendera masitolo. Anandithokoza kwambiri, nanenso ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira kuti ndathana nazo mwanzeru.

Patapita miyezi, Lolemba lina m'mawa, ahedi anatisonkhanitsa nkutiwerengera kalata yochokera ku ofesi ya zamaphunziro. Zinali zitamveka kuti ena akuphunzitsa ndi mapepala a abale awo amene anamwalira, ena ndi mapepala opangidwa kuseri kwa msika. Choncho mphunzitsi aliyense akaonekere yekha ku ofesi ndi setifiketi yake yeniyeni ya kukoleji, osati fotokope, kuti aifananize ndi nambala yake ya m'kaundula nkuidinda. Wolephera, dzina lake lichotsedwa pa mndandanda wa aphunzitsi oyenerera ntchito, ndipo asaimenso kutsogolo kwa kalasi mpaka nkhani yake itaunikidwa ku likulu. Tonse tinkadziwa tanthauzo la mawu akuti ku likulu. Fayilo ikapita kumeneko munthu umamera imvi ukuidikira. Sukulu yathu anaipatsa Lachisanu, isanakwane 12 koloko.

Ine ndinaseka nawo amene ankaoneka ankhawa. Ndinafika pouza mtsikana wina wongoyamba kumene ntchito kuti mapepala amafuna munthu wadongosolo.

Madzulo ake ndinatsegula sutikesi, mulibe. Lachiwiri ndinagwetsa mabuku onse, kusanthula matiresi, kuyang'ana ngakhale m'chitini cha ulusi ndi singano. Ndinayamba kuwakalipira ana kuti mwina anakutira nayo makope. Lachitatu masana nditaweruka, mayi a kunyumba anandipeza nditakhala pansi pakati pa mulu wa mapepala, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira.

"Bambo a Tadala," anatero, "mmalo mogwetsa nyumba, taganizani. Munthu wochenjera ngati inuyo akanabisa pati?"

Mawu akuti wochenjerawo anawatchula mwa mtundu wina, koma ndinalibe nthawi yokwiya. Ndinakweza maso kuti ndiganize. Pakhoma panali msomali uli wokha, ndipo pansi pake panali malo oyera a ngodya zinayi pamene laimu sanade ndi utsi.

"Mayi a Tadala, chithunzi chija."

"Chimene munaphwanya ndi manja anu chija?"

(Nkhani imeneyo inali itawafika kudzera kwa akazi a a Ngwira. Mayi a Tadala anandiona ndikuchikulunga m'chitenje chawo, koma anangosunga mumtima kudikira tsiku ngati limeneli.)

Ndinathamangira kwa Che Bwanali. Nditalowa, maso anga anapita pakhoma moni ndisanapereke. Panali kalendala ya sopo.

"Aphunzitsi, mwabwera ngati akukuthamangitsani. Kwagwanji?"

"Che Bwanali, chithunzi ndinakupatsani chija chili kuti?"

Anayang'ana kukhomo kaye, nkutsitsa mawu. "Ndinachitsitsa mwezi watha. Makasitomala amati tikagula kwina. Ine ndine wa malonda, aphunzitsi, sindikangana ndi wogula mchere. Ndinawapatsa a Msiska a ku Msongwe."

Anandifotokozera kuti a Msiska anali mkulu wopuma ntchito ya umesenjala m'boma, amenenso anakhala tcheyamani wa nthambi ya chipani kwa zaka zambiri. Anthu atayamba kutaya zithunzi, iwo ankayenda panjinga sitolo ndi sitolo kuzitolera kuti zisathere kudzala.

"Koma mukuchifuniranji? Si inu a zala ziwiri?"

Ndinati ndi nkhani yaitali. Iwo anati nkhani zonse masiku ano ndi zazitali, nkundilongosolera njira.

Lachinayi nditaweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Msongwe, koma ndinapeza pakhomo pali loko. Oyandikana nawo anati apita kumaliro ku Ekwendeni, abwera m'mawa mwake. Ndinabwerera chimanjamanja. Zaka zonse zimene ndinameza fumbi la choko, ana atatu, nyumba ya lendi, zonsezo zinali zitatsekeredwa m'nyumba ya munthu amene sindinamuonepo.

Lachisanu ndinafika pakhomo pawo mame asanaume. Njinga ndinaisiya kunyumba chifukwa tayala linali litaphwa, ngati kuti nayonso inamva za ine. Ndinaodira, ndipo kunatuluka bambo wamfupi, wa imvi, atavala jekete lakale koma lositidwa bwino.

"Mwawuka uli, adada?" ndinayesa Chitumbuka changa chonse nthawi imodzi.

"Nawuka makora. Njirani, njirani."

Nditalowa pabalaza ndinaima chilili. Makoma onse anayi anali odzaza. Zina zinali zotsamira pansi m'mbali mwa khoma, zina pamwamba pa kabati. Nkhope imodzi, maso amodzimodzi, zonse zopukutidwa mpaka kunyezimira, ndipo zonse zikuyang'ana ine. Sindinayambe ndadzimva wochimwa chotero ngakhale m'tchalitchi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Mmalo monena zoona, ndinanama. Ndinati ndine mphunzitsi, ndinatengeka ndi anzanga nkuchotsa chithunzi m'nyumba, koma tsopano mtima sukundipatsa mtendere, ndikufuna ndichibwezere pamalo pake. A Msiska anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, maso atalengeza misozi.

"Yewo chomene, asambizgi," anandithokoza, nkunditcha mphunzitsi m'Chitumbuka. "Yewo. Ine ndimawauza anthu kuti otaya zithunziwa abwerera, amandiseka. Inu ndinu woyamba."

Ananditsitsira chachikulu kwambiri, cha felemu yagolide, choti munthu mmodzi sangachinyamule bwinobwino. Ndinakana mwaulemu, ndinati ndikufuna changa chomwe chija, chimene anatenga kwa Che Bwanali, poti ndinachizolowera. Iwo anati zonse ndi munthu mmodzi. Ndinati inde, komabe. Ndiye ndinayamba kuzitembenuza chimodzichimodzi, kusuzumira kumbuyo kwake kufuna timisomali ta nsapato.

"Asambizgi, nkhope ili kutsogolo kuno."

"Ndikuona ngati chiswe sichinalowe, adada."

Wotchi yawo ya pakabati inkangothamanga. Ndinamaliza khoma loyamba, lachiwiri, nkhalamba ili pambuyo panga kuwongola chilichonse chimene ndachisiya chopendama. Ndinachipeza pansi, kuseri kwa mpando. Timisomali tanga tija, tochita dzimbiri, tili ndondondo kuzungulira kabolodi. Chimwemwe chinandiiwalitsa kuti ndili m'nyumba ya yani. Ndinatulutsa kiyi m'thumba nkuyamba kuzula.

Dzanja linandigwira pamkono. Munthu wamkulu ngati uja, koma mphamvu zake zinali za mnyamata.

"Mukuchita vichi?"

Bodza linandithera. Ndinaulula zonse: setifiketi, kalata ya ku ofesi, 12 koloko, ana atatu. Za kuphwanya ndi manja zokha ndi zimene ndinasiya. A Msiska anamvetsera osaphethira. Atandisiya mkono anakhala pampando.

"Ndiye kuti simunadzere iwo. Mwadzera pepala."

"Inde, adada. Pepani."

"Ndinakuthokozani pachabe."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Kenako anaimirira nkutenga chipewa ndi ambulera.

"Ntchito ya munthu sindingaiphe. Koma m'nyumba mwanga muno palibe wozula msomali pa chithunzi ichi. Mukazule ku boma, pamaso pa boma, ndipo ine ndipita nanu. Simuchikulunga, simuchipana kukhwapa ngati nkhuku. Muchinyamula ndi manja awiri pachifuwa, nkhope kutsogolo."

Ndinapempha kuti mwina tichiphimbe ndi nyuzipepala chifukwa cha mvula. Anati ambulera ilipo.

Owerenga, kuchoka ku Msongwe kufika m'tauni wapansi ndi ulendo, koma tsiku limenelo unatalika kawiri. Kunkagwa kamvula kowaza. A Msiska ankayenda pambali panga atafunditsa ambulera chithunzi, ine madzi akutsikira m'khosi. Masiku amenewo munthu ankatha kumenyedwa chifukwa cha nsalu imene wavala, ndiye taganizani ine ndikuguba pamsewu waukulu ngati ndikutsogolera chionetsero cha anthu awiri. Amayi ogulitsa nthochi anasiya kuitanira malonda. Kondakitala wa minibasi anaimba likhweru nkundikwezera zala ziwiri pamphuno penipeni. Pafupi ndi msika anyamata ena anayamba kutitsatira akulankhula Chitumbuka chimene ndinachimva bwinobwino, ine amene ndinkati chimandivuta. Mmodzi anawerama ngati akutola mwala. Ndinabisa nkhope yanga kuseri kwa felemu nkufulumiza miyendo. A Msiska sanasinthe mayendedwe ngakhale pang'ono, anangowayang'ana anyamatawo nkuwapatsa moni mmodzimmodzi potchula maina a makolo awo, ndipo mwala uja unabwerera pansi.

Titafika ku ofesi, pakhonde panali mzere wa aphunzitsi, aliyense ndi envelopu yake yakhaki. A sukulu yathu anali kutsogolo. Onse anatembenuka. A Ngwira anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchithunzi.

"A ku Dowa, si chimene munaphwanya ndi manja anu chija ichi?"

Anasendera pafupi nkusuzumira pagalasi.

"Chalumikizika bwino chomene," anatero, ndipo mzere wonse unagwa ndi phwete.

Woona mapepala anali Mayi Mhango, mayi wa magalasi a chingwe, wosaseka ndi munthu. Ndili pamzere ndinaona aphunzitsi awiri akutuluka m'chipinda chawo nkhope zili zogwa, chifukwa anabwera ndi fotokope. Dzina langa linaitanidwa kutatsala mphindi zochepa kuti nthawi ithe. Ndinalowa, a Msiska pambuyo.

"Setifiketi," anatero Mayi Mhango osadzutsa mutu.

Ndinaika chithunzi patebulo. Anachiyang'ana, nkuyang'ana china chonga chomwecho chimene chinali pakhoma pamwamba pa mutu wawo, kenako nkuyang'ana ine.

"Bambo, muno chilimo kale."

Ndinafotokoza mwachidule, mawu akutuluka ngati a mwana wogwidwa akubera mayeso. Anandibwereka sizasi. Ndinazula timisomali tija kamodzikamodzi, a Msiska akutilandira m'dzanja ngati ndi mankhwala. Kabolodi katachoka, setifiketi inalipo. Dzina langa, nambala yanga, chidindo cha koleji, zonse zikuoneka. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndinagwira pakona kuti ndiinyamule, koma inanyamuka pamodzi ndi chithunzi.

Chinyontho cha ku Mzuzu chija chinali chitagwira ntchito yake mwakachetechete zaka zonsezo. Mapepala awiri aja anali atamatana nkukhala limodzi. Ndinalowetsa nsonga ya sizasi pakati, ndipo pakona panang'ambika, mng'alu nkuyamba kulowera kumene kunali dzina langa.

"Siyani," anatero Mayi Mhango. "Mukapitiriza, theka la dzina lanu litsala kwa iwowa."

Anaitenga yonse monga inalili, nkutsegula kaundula wawo wamkulu, chala chikutsika pamzere wa manambala. Chala chinaima. Anagwedeza mutu kuti zagwirizana, nkutenga chidindo, nkuchinyowetsa pa inki.

"Kalata ikuti ndidinde ndi kusaina kumbuyo kwa setifiketi."

Anaitembenuza. Kumbuyo kwa setifiketi yanga kunali nkhope ya Mtsogoleri, ikutiyang'ana tonse atatu. Chidindo chinaima m'malere. A Msiska anavula chipewa.

"Bambo," anatero Mayi Mhango pang'onopang'ono, "ine ndili ndi ana. Boma silinasinthe. Sindingadinde pamphumi pa munthu uyu."

"Nanenso ndili ndi ana, mayi."

"Ndiye ndilembe kuti yanu sinadindidwe, ipite ku likulu."

Anatsitsa chidindo nkutenga cholembera chofiira. Ndinaona kalasi langa la Sitandade 6 lili ndi munthu wina kutsogolo, ine ndili ku Dowa kufotokozera abale kuti ntchito inathera kuseri kwa chithunzi.

Amene analankhula ndi a Msiska, munthu amene ndinamunamiza m'mawa womwewo.

"Amama, pepani ndilowerere. Ine ndanyamula mafayilo a boma kuyambira ndili mnyamata. Pepala likadzaza kumbuyo, bwana amadinda kutsogolo m'mphepete, nkulemba kuti kumbuyo kulibe malo. Ndaziona kambirimbiri."

Mayi Mhango anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Anayang'ananso nkhope ija, nkuyang'ana cholembera chofiira chili m'dzanja lawo.

"Kumbuyo kulibe malo," anabwereza okha. "Limenelo si bodza."

Anafuna kuigoneka patebulo kuti adinde, koma a Msiska anati dikirani. Anavula jekete lawo lositidwa lija nkuliyala patebulo, kuti nkhope isagone pathabwa. Mayi Mhango anadinda mofatsa kwambiri, ngati akuopa kudzutsa munthu, nkulemba mawu aja ndi kusaina. Pondipatsa anati, "Wotsatira," koma ndinaona phewa lawo likugwedezeka ndi phwete.

Panja a Msiska anandibwezera timisomali tanga m'dzanja.

"Chithunzi ndi chanu, asambizgi, poti simungalekanenso. Anakusungirani ntchito zaka zonsezi inu mukuwanyoza. Mundilonjeze chinthu chimodzi. Mukachipachike pabalaza, pamwamba."

Ndinalonjeza, a Ngwira ndi mzere wonse akumva. Kuyambira tsiku limenelo kusukulu ankanditcha Tcheyamani, ndipo dzinalo linanditsatira mpaka tsiku lopuma ntchito. Nthawi iliyonse imene ankafuna setifiketi yeniyeni, kaya pokwezedwa giredi kaya pofunsira kosi, ndinkanyamula onse awiri, nkuyambiranso kufotokoza kwa bwana watsopano.

Lonjezo ndinasunga. Ndinachipachika pabalaza, pamsomali womwe uja, pamwamba. Kungoti sitinapangane kuti kutsogolo kukhale mbali iti, ndiye galasi ndinaliika kumbali ya setifiketi. Lamlungu lina a Msiska anatulukira osanena, njinga yawo ili ngelengele pakhomo, ine osapeza mpata wotembenuza. Anakhala moyang'anana ndi khomalo, namwa tiyi, nacheza ndi ana, osatchula kanthu. Powaperekeza, atakwera kale njinga, anati, "Asambizgi, muziwatembenuzako pa Sabata, aoneko anthu."

A Msiska anamwalira kalekale, ndipo palibe amene angabwere kudzaona. Komabe Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndimatseka makatani, nkukwera pampando, nkuwatembenuza mpaka tidye chamasana. Za setifiketi ya ukwati wathu musandifunse kumene ili. Mayi a Tadala anandilanda sabata yomwe ija ya kwa Mayi Mhango, ndipo mpaka lero amakana kundiuza.